Mmene Mungasankhire Ulusi Wosaduka Msanga Powedza Bass Pansi pa Majeti

Nsomba ya bass kwawo ndi ku North America, ndipo mtundu wake wa pakamwa papakulu unafika ku South Africa mu 1928, pamene unayamba kuwetedwa ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, usanafalikire m'madamu ambiri a dzikolo ndi a ku Zimbabwe. Kulikonse kumene ili, nsombayi khalidwe lake ndi limodzi: imakonda mthunzi, imabisala pafupi ndi chinthu cholimba, ndipo imadikira kuti chakudya chidutse pafupi kuti ichimbwandire. N'chifukwa chake majeti, aja amathabwa kapena achitsulo amene eni nyumba za m'mbali mwa madzi amamanga kuti azimangirirapo maboti, amasunga nsomba zikuluzikulu, makamaka dzuwa likakwera. Koma jeti yomweyo imene imasunga nsombayo ndi imenenso imadula ulusi, pakuti bass ikangomva kubaya kwa mbedza siithawira kumadzi opanda zopinga, imabwerera kumzati kumene inachokera, ndipo ulusi wanu, uli chikokereni, umayamba kukhulika pa chilichonse chimene chili pamenepo.

Ine ndinaphunzira zimenezi pa mtsinje wa Vaal ku South Africa, kumtunda kwa khoma lotseka mtsinjewo lotchedwa Barrage, kumene majeti andandalika gombe lonse. Tsiku lina m'mawa ndinalowetsa nyambo pansi pa jeti yachitsulo ndi ulusi woluka wa mapaundi 50, umene ndinkaukhulupirira kuti ungakoke ngakhale bwato. Nsomba inadya, ndinatsomphola ndodo, ndinamva kulemera kwake kawiri, kenako ndodo inangowongoka, ulusi uli lende. Nditaukulunga ndinapeza kumapeto kwake kuli nyankhalala, timaulusi tating'onoting'ono titamwazika ngati ndevu za chimanga, ndipo nditayandikira ndinaona kuti pansi pa madzi panali chitsulo chopingasa cha ngodya, chodyeka ndi dzimbiri. Ulusiwo sunaduke chifukwa cha kulemera kwa nsomba, unachekedwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira nambala ya mapaundi yolembedwa pa bokosi, pakuti nambalayo imanena za mphamvu ya ulusi pamene ukukokedwa mowongoka popanda chougunda, ndipo siinena kanthu za zimene zimachitika ulusiwo ukakumana ndi dzimbiri.

Yambani ndi jeti, osati ndi sitolo

Musanagule kalikonse, pitani kumene mumawedzako mukaonetsetse majetiwo, ndipo ngati n'kotheka mupiteko nthawi imene madzi aphwera, pamene mbali ya mizati imene imakhala yomira yaonekera. Funso loti muyankhe ndi limodzi: kodi ulusi wanga ukakhudza pano, ukhudza chofewa kapena chakuthwa?

Mzati wathabwa umene wakhalitsa m'madzi ndipo wakutidwa ndi ndere ndi woterera, ndipo ulusi wamtundu uliwonse umatsetsereka pamenepo popanda kuvulala kwambiri. Choopsa pa jeti yamathabwa si thabwalo ayi, koma misomali, mabawuti ndi mawaya amene anakhomedwamo. Mizati ya konkire imakhula ulusi pang'onopang'ono ngati sandipepala. Zitsulo zangodya, mapaipi adzimbiri, matcheni, ndi makina onyamulira maboti zimacheka kamodzi n'kamodzi. Pa Lake of the Ozarks ku Missouri, nyanja imene inapangidwa mu 1931 atatseka mtsinje wa Osage ndi damu la Bagnell, ndipo imadziwika kwambiri ndi usodzi wa pa majeti, majeti ambiri ndi oyandama ndipo amagwidwa ndi zingwe zachitsulo zopita kumtunda. Zingwe zimenezo zikakalamba zimatulutsa timawaya tosongoka, ndipo eni ake ena amamizanso nthambi zamitengo pansi pake kuti zizikopa nsomba. M'nyanja zambiri za kumpoto kwa America muli vuto linanso, la tinkhono totchedwa zebra mussel, timene tinapezeka koyamba mu Lake St. Clair mu 1988 titabwera m'madzi a m'sitima zapamadzi zochokera ku Ulaya, ndipo timamatirira pa mizati mothithikana, zigoba zake zili zakuthwa ngati lumo.

Muonenso ngati jetiyo yazingidwa ndi zomera. Pa damu la Hartbeespoort ku South Africa, namasupuni amene timamudziwa pa Shire amadzaza madzi nthawi zina mpaka kutsekereza majeti, ndipo pamalo otero vuto lalikulu limakhala zomerazo osati chitsulo. Chomaliza, onani kuyera kwa madzi. Ngati nyambo yanu imasowa m'maso isanamire theka la mita, nsomba siidzasamala za ulusi wokhuthala, ndipo mwamasuka kusankha wolimba mmene mungafunire.

Dziwani mmene mitundu itatu ya ulusi imafera

Ulusi wa masiku ano ulipo wa mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kadukidwe kake. Mukamvetsa kadukidweko, kusankha sikuvutanso.

Woyamba ndi wa nayiloni, wa mtsempha umodzi, umene asodzi amautcha mono. Nayiloni inatulutsidwa ndi kampani ya DuPont kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, koma ulusi wake unayamba kukondedwa ndi asodzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, pamene kunabwera mitundu yake yotchedwa Stren ndi Trilene. Ndi wotsika mtengo, ndi wofewa, umagwira mfundo bwino, ndipo umatamuka, kotero kuti ukakalika pang'ono umapirirabe nsomba ikagwedeza mutu. Zofooka zake ndi ziwiri. Umamwa madzi, ndipo ukamwa umafewa n'kutaya gawo la mphamvu zake ndi la kupirira kwake pokhulika. Komanso dzuwa limauwononga, moti nayiloni imene yakhala nyengo yonse pa ndodo yosiyidwa pabwalo imaduka ngati yawola. Pali mitundu ina imene inapangidwira dala malo okhakhala, monga Trilene XT, Trilene Big Game ndi Maxima, ndipo imeneyi mukaigwira mumamva kuti ndi yolimbirapo khungu.

Wachiwiri ndi fluorocarbon, umene kampani ya ku Japan ya Kureha inautulutsa mu 1971 pa dzina la Seaguar. Uwu ndi wa mtsempha umodzinso, koma chimene unapangidwira ndi cholemera komanso cholimba kuposa nayiloni. Kulemera kwake poyerekeza ndi madzi ndi pafupifupi 1.78, pamene nayiloni ndi 1.14, n'chifukwa chake umamira msanga n'kutsika limodzi ndi nyambo m'mbali mwa mzati. Sumwa madzi, choncho mmene unalili m'mawa ndi mmene umakhalira madzulo, ndipo dzuwa siliufooketsa ngati nayiloni. Mmene umapindira kuwala, pa muyeso wa 1.42, ndi moyandikira madzi amene ali pa 1.33, pamene nayiloni imapitirira 1.5, ndipo ichi chimakulolani kugwiritsa ntchito ulusi wokhuthala m'madzi oyera popanda kuuonetsa kwambiri. Koma fluorocarbon ili ndi khalidwe limene ambiri salidziwa: ikakokedwa mwamphamvu imatamuka koma siibwerera, imatsala yoonda pamalo amene yatamukapo, ndipo ikapindika mwadzidzidzi kapena kupsa pomanga mfundo, imadukira pomwepo popanda chenjezo.

Wachitatu ndi woluka uja, umene amautcha braid, wopangidwa ndi timaulusi tambirimbiri ta pulasitiki yolimba yotchedwa Dyneema kapena Spectra, umene unafala pakati pa asodzi a bass kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Poyerekeza ndi kuonda kwake mphamvu zake n'zodabwitsa, sutamuka, umayandama, ndipo umacheka namasupuni ndi udzu wam'madzi ngati chikwakwa. Pa thabwa loterera umapirira, ngakhale nthawi zina umadzilowetsa m'thabwa lofewa n'kukanirira. Koma pa chinthu chakuthwa ndi wofooka kuposa anzake awiri aja, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ulusi wa mtsempha umodzi ukakumana ndi chitsulo umakalika kunja, mkati n'kutsala wamphumphu, pamene woluka umaduka kaulusi kamodzikamodzi, ndipo katundu amene timaulusi toduka tinanyamula amagwera totsalato, timene tili kale chikokereni pa mpeni womwewo. Ngati muyenera kugwiritsa ntchito woluka, dziwani kuti wa zingwe zinayi, monga PowerPro wakale uja, ndi wokhakhala koma wopirira kuposa wa zingwe zisanu ndi zitatu wa kukula komweko, chifukwa chingwe chilichonse mwa zinayizo ndi chokhuthala.

Werengani mamilimita musanawerenge mapaundi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ogula ambiri amasocherera. Pakati pa zinthu zonse zimene zimachititsa ulusi kupirira pokhulika, chachikulu ndi kukhuthala kwake. Mukakanda ulusi woonda ndi wokhuthala mozama mofanana, woondayo wataya gawo lalikulu la thupi lake pamene wokhuthalayo wangotaya khungu. Ndiponso thupi la ulusi silikula mofanana ndi muyeso wake: ulusi wa mamilimita 0.37 poyerekeza ndi wa 0.285 umaoneka ngati wakula pang'ono chabe, koma mnofu wake wachuluka ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa kampani ina ndi inzake.

Tsono mukatenga bokosi m'sitolo, litembenuzeni mupeze pamene palembedwa mamilimita. Pa fluorocarbon yotsata miyeso ya ku Japan, wa mapaundi 8 amakhala pafupifupi mamilimita 0.235, wa mapaundi 12 ndi 0.285, wa 16 ndi 0.33, ndipo wa 20 ndi 0.37. Paundi imodzi ndi pafupifupi makilogalamu 0.45, choncho wa mapaundi 20 ndi wa makilogalamu 9, kwa inu amene mukugula kumene amalemba makilogalamu. Mukayamba kuyerekeza motere mudzazindikira kuti nayiloni zina zotchuka chifukwa cholimba ndi zokhuthala kwambiri kuposa zinzake za mapaundi omwewo; zimaduka pamwamba pa nambala yolembedwayo chifukwa kwenikweni ndi ulusi waukulu wovekedwa nambala yaing'ono. Palibe cholakwika kugula ulusi wotero, bola mudziwe chimene mwagula, ndipo musauyerekeze ndi wina pongoona mapaundi.

Muwerengenso mawu ena awiri. Bokosi lolembedwa kuti ulusiwo ndi wokutidwa ndi fluorocarbon likunena za nayiloni yopakidwa kunja, imene ili ndi makhalidwe a nayiloni. Ngati mukufuna fluorocarbon yeniyeni, pezani pamene palembedwa 100%. Ndiponso fluorocarbon imagulitsidwa mitundu iwiri: yofewerapo yodzaza nayo chokulungira ulusi cha pa ndodo, ndi youma yolimba, yosapindika msanga, imene imabwera yochepa, yopangidwira kumangirira kutsogolo kwa ulusi wina. Youmayo ndi yopirira kwambiri pa chitsulo, koma mukaidzaza m'chokulungira imakuvutitsani tsiku lonse.

Gwirizanitsani ulusi ndi chokulungira komanso nyambo

Ulusi wopirira kwambiri umakhalanso wouma kwambiri, ndipo ulusi wouma ndi wovuta kuponya. Usodzi wa pa jeti umafuna kaponyedwe kapadera, kolowetsa nyambo pansi pa mathabwa poidumphitsa pamwamba pa madzi monga mwana amadumphitsira mwala wophwatalala padziwe, chifukwa nsomba yaikulu imakhala kumdima kwenikweni, kumene ena safikako. Ulusi umene sungathe kuchita zimenezi ndi wopanda ntchito ngakhale utalimba chotani.

Ngati chokulungira chanu ndi cha mtundu wa baitcaster, chija chokhala pamwamba pa ndodo chimene mumachiwongolera ndi chala chachikulu, ndipo mukuponya jig (mbedza ya mutu wolemera) kapena nyambo yapulasitiki yofewa yokhala ndi cholemetsa, langizo langa ndi fluorocarbon yokhayokha kuyambira ku mbedza mpaka m'chokulungira. Pa majeti amathabwa m'madzi oyera, wa mapaundi 15 mpaka 17 amakwanira. Pa zitsulo, matcheni, zingwe zachitsulo kapena tinkhono, musatsike pansi pa 20, ndipo madzi akakhala ovunduka wa 25 sangakuchititseni manyazi. Musadzaze chokulungiracho mpaka pakamwa; musiye mpata wa mamilimita atatu kapena anayi, chifukwa nyambo ikagunda mzati n'kuima mwadzidzidzi, chokulungira chodzaza kwambiri chimapitiriza kuzungulira n'kupiringiza ulusi ngati chisa cha mbalame, ndipo paliponse pamene fluorocarbon yapindika m'chisacho patsala pofooka pamene padzadukire mtsogolo, mwina pa nsomba ya chaka chonse.

Chokulungira cha mtundu wa spinning, chija cholendewera pansi pa ndodo, ndi chosavuta podumphitsa nyambo zopepuka, koma sichigwirizana ndi fluorocarbon yopitirira mapaundi 8 kapena 10, imene imasololoka yokha n'kugwa m'mizeremizere. Apa njira ndi kuphatikiza: mudzaze ulusi woluka wa mapaundi 15 mpaka 20, ndipo kutsogolo kwake mumangirire fluorocarbon ya mapaundi 10 mpaka 15. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kufupikitsa chidutswa chakutsogolochi. Pamadzi opanda zopinga chidutswa cha mita imodzi chimakwanira, koma pa jeti cholinga chake si kubisa ulusi kokha, ndi kuonetsetsa kuti chilichonse chimene chikhudze mzati chikhale fluorocarbon. Ngati nyambo yanu imalowa mamita atatu pansi pa jeti, chidutswacho chikhale cha mamita atatu kapena kupitirira, apo ayi ulusi woluka ndi umene udzagone pa mzati wakunja nsomba ikatembenuka.

Woluka wokhawokha, wa mapaundi 50 mpaka 65, ndimausungira majeti amathabwa ozingidwa ndi zomera, kumene ntchito ndi kuzula nsomba pamodzi ndi namasupuni wake. Nayiloni nayo ili ndi malo ake: pa nyambo zoyandama zimene mumaziyendetsa m'mbali mwa jeti m'mamawa, fluorocarbon imamira n'kukokera mphuno ya nyambo pansi, pamene nayiloni ya mapaundi 14 mpaka 17 imaisiya kuti ivine bwino. Kwa amene thumba silikulola fluorocarbon, nayiloni yokhuthala ya mamilimita 0.38 kapena 0.40 imene mukuisintha pafupipafupi idzakutumikirani bwino kuposa fluorocarbon yoonda imene mukuiumira chifukwa cha mtengo wake. Ndipo musavutike ndi waya kutsogolo kwa mbedza monga amachitira owedza tigerfish, nsomba ya mano akuthwa, pa nyanja ya Kariba, pakuti mano a bass ndi ang'onoang'ono ngati sandipepala, amakhula ulusi pang'ono koma saudula.

Yesani nokha kunyumba

Bokosi lililonse limanena kuti ulusi wake ndi wopirira, ndipo njira yokhayo yodziwira zoona ndi kuyesa ndi manja anu. Dulani zidutswa za mita imodzi kuchokera ku mitundu imene mukufuna kuyerekeza, zikhale za mamilimita ofanana kapena oyandikana, ndipo muziviike m'madzi kwa maola awiri kapena atatu. Kuviikaku n'kofunika, chifukwa nayiloni youma imapirira kuposa mmene imachitira itamwa madzi, ndipo mukaiyesa youma mudzaipatsa ulemu umene siidzakhala nawo pa jeti. Mangirirani botolo la madzi la lita imodzi, limene limalemera kilogalamu imodzi, kumapeto kwa chidutswa, muchigoneke pa ngodya ya njerwa yootcha kapena pa tupa yomangiriridwa m'mphepete mwa tebulo, kenako muzikoka ndi kubweza mtunda wofanana, botolo likukwera ndi kutsika, uku mukuwerenga mpaka ulusi utaduka. Chitani kasanu pa mtundu uliwonse, ndipo nthawi iliyonse musunthire pamalo ena a njerwayo, chifukwa pamene pakhulidwa kale pamasalala n'kukondera wobwera pambuyo. Ngati mungapeze chidutswa cha chitsulo chadzimbiri chofanana ndi cha pa jeti yanu, chimenecho ndiye choyesera chabwino koposa. Muyesenso ulusi woluka pamenepo, kuti mudzionere nokha mmene nambala yake yaikulu imathera msanga pa ngodya yakuthwa.

Mangani mfundo imene siwotcha ulusi

Ulusi wabwino womangidwa mfundo yoipa uli ngati khola lolimba la chitseko chowola. Pa mbedza kapena jig, mfundo ya Palomar ndi yosavuta komanso yolimba. Pindani ulusi pawiri kutalika kwa masentimita 15, lowetsani chopindacho m'diso la mbedza, mangani mfundo wamba yosakhwimitsa ndi ulusi wapawiriwo, kenako dutsitsani mbedza yonse m'kati mwa chopindacho. Musanakoke, yang'anitsitsani kuti mizere iwiri ya ulusi yagona moyandikana popanda kupingasana, chifukwa pa fluorocarbon mzere wokwera pa unzake umaucheka. Nyowetsani mfundoyo ndi malovu mokwanira, ndipo muikoke pang'onopang'ono mpaka itakhala. Kukoka mofulumira ulusi uli wouma kumabweretsa kutentha kumene kumafooketsa fluorocarbon, ndipo chizindikiro chake ndi ulusi wopotanapotana pamwamba pa mfundo. Mukaona zimenezo, dulani muyambenso. Amene Palomar imawavuta pa fluorocarbon yokhuthala angaphunzire San Diego jam, imene imazungulizidwa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ndipo imakhala bwino pa ulusi wosapindika msanga.

Polumikiza woluka ndi fluorocarbon, mfundo ya FG ndi imene imayenera chidutswa chachitali, chifukwa ndi yoonda ndipo imadutsa m'timphete ta ndodo popanda kugunda. Imafuna kuiphunzira muli kunyumba, osati m'boti mphepo ikuwomba, ndipo chinsinsi chake ndi kuikoka mwamphamvu mpaka woluka ataluma m'khungu la fluorocarbon. Double uni ndi yosavuta, koma ndi yonenepa, ndipo ikamagunda timphete poponya paliponse imatopa msanga.

Sungani ulusi kutali ndi mzati pamene nsomba yadya

Palibe ulusi umene sungaduke ukakhulika nthawi yokwanira, choncho theka la ntchito ndi kuchepetsa nthawi imene ulusi ukukhudza jeti. Musanaponye, imikani boti kapena imani pamalo pamene pali mpata wowongoka pakati pa inu ndi pamene nyambo ikagwere, ndipo mudziwiretu njira imene nsombayo idzatulukire. Kuponya mopingasa kuseri kwa mizati iwiri kapena pamwamba pa chingwe chachitsulo ndi kupereka nsomba musanayambe kulimbana nayo. Chomangira cha chokulungira, chimene amachitcha drag, chija choletsa ulusi kusololoka mosavuta nsomba ikakoka, chikhale chokhwima kuposa mmene mumachitira pamadzi opanda zopinga, pakuti masekondi oyambirira ndi amene amagamula: mukatembenuza mutu wa nsomba kuloza kunja isanazindikire chimene chachitika, mwapambana. Nsonga ya ndodo ikhale pansi, ngakhale kuimiza m'madzi, ndipo mukokere cham'mbali, chifukwa mukakweza ndodo ulusi umakagona pa thabwa kapena chitsulo cha m'munsi mwa jeti.

Ikakulakani n'kuzungulira mzati, mtima umakuuzani kuti mukoke ndi mphamvu zonse, koma pamenepo ndi pamene ulusi umachekeka, chifukwa ulusi wokokedwa kwambiri umaduka msanga pa chakuthwa kuposa wolekerera. Chepetsani mphamvu, musiye ulusi uli wowongoka pang'ono chabe kuti mbedza isazuke, ndipo muyandikire uku mukusintha mbali. Kawirikawiri nsomba ikamva kuti kukoka kwatha imasiya kuphiriphitha, ndipo nthawi zina imatuluka yokha njira imene inalowera. Apa fluorocarbon yokhuthala imaonetsa phindu lake, pakuti ndi youma ndi yoterera, ndipo imatsetsereka pa mzati m'malo modzilowetsa m'thabwa.

Papasani, dulani, mangani kachiwiri

Chizolowezi ichi ndi chimene chimasiyanitsa msodzi amene amatulutsa nsomba pansi pa jeti ndi amene amangofotokoza za imene inapulumuka. Nthawi iliyonse mukagwira nsomba, mukakodwa n'kumasula, kapena mukamva ulusi ukukwecha chinthu, tengani mita imodzi kapena iwiri ya kumapeto muidutsitse pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, chikhadabo chikukhudza pang'ono. Maso amanama, makamaka pa fluorocarbon yonyowa, koma chala chimamva ngakhale kachilonda kakang'ono. Pa ulusi wa mtsempha umodzi mukufuna pokhakhala, poyera ngati phulusa, pophwatalala kapena popindika; pa woluka mukufuna pamene patuluka ubweya. Mukapeza, dulani kumtunda kwa malowo ndi kumanganso, ngakhale nsomba zikudya ndipo mtima ukukufulumizitsani. Kumanga Palomar sikutha mphindi imodzi. Ngati mwakoka fluorocarbon mpaka kuduka pomasula nyambo yokodwa, musangomanga pamene yadukira, muchotse mamita angapo, chifukwa mbali yonse imene inatamuka yatsala yofooka.

Pali chifukwa chinanso chochitira zimenezi chimene sichikhudza nsomba. Majetiwa ali ndi eni ake, ndipo ulusi uliwonse umene waduka umasiya mbedza pa chingwe cha boti kapena pa makwerero amene ana amatsikira posambira. Msodzi amene amasamala ulusi wake amasiya mbedza zochepa, ndipo eni majeti sakhala ndi chifukwa chomuthamangitsira.

Nthawi zina chimene chikudya ulusi wanu chili pa ndodo yanu yomwe. Ngati ukukalika pamalo ambiri ngakhale simunagunde jeti, tengani kathonje kotokosera m'khutu mukazungulize m'kati mwa kamphete kalikonse ka ndodo, makamaka ka kunsonga. Pamene thonje lakodwa pali mng'alu, ndipo kampheteko kayenera kusinthidwa musanaikenso ulusi watsopano. Muonenso kabowo ka cholemetsa chimene chimayenda pa ulusi, chifukwa zina, makamaka za chitsulo cholemera cha tungsten zosasalazidwa bwino m'kati, zimakhula ulusi pamwamba pa mfundo penipeni.

Nayiloni muisinthe kangapo pa nyengo ngati mumawedza sabata ndi sabata, ndipo fluorocarbon muisinthe ikayamba kuchita mizere yopotana yosawongoka kapena ikapiringizika kwambiri kawiri katatu. Kuti musawononge ndalama, theka la pansi la chokulungira mudzaze ndi nayiloni yotsika mtengo, ndipo fluorocarbon ikhale mamita 60 kapena 70 a pamwamba okha, pakuti pa jeti simuponya patali. Mabokosi otsala muwasunge m'kabati yamdima yozizira, osati m'galimoto. Zidutswa zonse zimene mwadula muziike m'thumba mukazitaye kumtunda mutazidula tizidutswa tifupitifupi, chifukwa fluorocarbon imene mwaisankha kaamba koti sifooka ndi madzi kapena dzuwa idzakhalabe choncho zaka zambiri pansi pa jetiyo, ikukola miyendo ya mbalame zam'madzi ndi akamba.